Ngwazi Ikamakula, Adani Ake Achite Chiyani? Phunziro la Malevulo m'Magemu a RPG

Ophunzira anga, tulutsani makope ndi zolembera. Phunziro la lero ndi la masewera a pakompyuta a mtundu wa RPG, makamaka aja ochitikira m'maiko ongopeka a malupanga, matsenga ndi zinjoka. Wina asaganize kuti masamu tawasiya panja. Kuseri kwa zithunzi zokongola za magemu amenewa kuli manambala okhaokha, ndipo manambalawo ndi amene amachititsa kuti wosewera akhale pampando mpaka usiku kapena atope n'kuzimitsa makina.

Funso lathu ndi ili. Munthu amene mukumuyendetsa m'gemu, yemwe lero tizimutcha ngwazi, amakulirakulira mphamvu pamene mukusewera. Nanga adani ake achite chiyani? Akhale monga analili pachiyambi, kapena azikula naye limodzi? Funsoli likuoneka laling'ono, koma lazunguza mitu akatswiri opanga magemu kwa zaka zoposa 40, ndipo yankho limene kampani yasankha ndi limene limaumba gemu yonse.

Kumene levulo inachokera

Levulo sinayambire pakompyuta. M'chaka cha 1974, ku America, Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa masewera otchedwa Dungeons & Dragons, oseweredwa patebulo ndi pepala, pensulo ndi madayisi. Wosewera aliyense ankatenga munthu mmodzi, kaya wankhondo, wamatsenga kapena wansembe, ndipo mnzawo mmodzi ankafotokoza nkhani ndi kuyendetsa zilombo. Chachilendo chinali chakuti masewera akatha madzulo ano, munthu wako sankafufutidwa. Mlungu wotsatira unkabweranso naye yemweyo, ali ndi zonse zimene anapeza. Akagonjetsa zilombo ndi kutola chuma m'mapanga, ankalandira mapointi otchedwa XP. Mapointiwo akakwana chiwerengero chinachake, ankakwera levulo: moyo wake unkachuluka, ankamenya molondola kuposa kale, ndipo wamatsenga ankaphunzira matsenga atsopano.

Makompyuta atayamba kulowa m'nyumba za anthu, nzeru imeneyi inasamukira komweko. Wizardry ndi Ultima anatuluka mu 1981. Ku Japan, Yuji Horii anatsogolera ntchito yopanga Dragon Quest ya 1986, ndipo Final Fantasy ya Hironobu Sakaguchi inatsatira mu 1987. Kompyuta inatenga ntchito yowerengera manambala, koma malamulo ake anakhala omwe aja.

Lembani ntchito zitatu za levulo. Yoyamba, ndi mphotho: wosewera amaona ndi maso kuti khama lake labala zipatso. Yachiwiri, ndi njira yophunzitsira. Gemu ikakupatsani matsenga 50 tsiku loyamba mungasokonezeke, koma ikamakupatsani awiri lero, ena awiri mawa, mumakhala ndi nthawi yowazolowera. Mu Baldur's Gate 3 ya 2023, yopangidwa ndi Larian Studios ya ku Belgium potsatira malamulo a Dungeons & Dragons, wankhondo amayamba kumenya kawiri pa mpata umodzi akafika levulo 5, ndipo wamatsenga amatha kuphunzira kuponya moto wotchedwa Fireball pa levulo yomweyo. Pofika pamenepo wosewera amakhala atadziwa kale kayendedwe ka nkhondo. Ntchito yachitatu ndi kutseka ndi kutsegula njira: levulo imauza wosewera kumene angapite tsopano ndi kumene ayenera kudikira kaye.

Chifukwa chimene malevulo apamwamba amadulira

Tsopano masamu. Mapointi ofunika kuti mukwere levulo sakhala ofanana kuyambira pansi mpaka pamwamba. M'malamulo a Dungeons & Dragons a 2014, levulo 2 imafuna mapointi 300, levulo 3 imafuna 900, levulo 4 imafuna 2,700, levulo 5 imafuna 6,500, ndipo levulo 20, yomwe ndi yomaliza, imafuna 355,000.

Chitsanzo chosavuta kuwerengera chili m'magemu a Pokémon, amene anayamba ku Japan mu 1996. Pa gulu lina lalikulu la tizilombo ta m'gemuyo, mapointi onse ofunika kufika pa levulo inayake amapezeka pochulukitsa nambala ya levuloyo katatu. Levulo 10 ndi 10 × 10 × 10, yomwe ndi 1,000. Levulo 50 ndi 125,000. Levulo 100 ndi 1,000,000. Taonani bwino apa. Mukafika levulo 50 mungaganize kuti mwayenda theka la ulendo, koma mwasonkhanitsa gawo limodzi lokha mwa magawo 8 a mapointi onse. Theka lenileni, 500,000, limakwana pakati pa levulo 79 ndi 80. Kuchoka pa 10 kupita pa 11 pamafunika mapointi 331, pamene kuchoka pa 99 kupita pa 100 pamafunika 29,701.

Opanga amachitiranji zimenezi? Malevulo oyamba amabwera mofulumira kuti wosewera watsopano alawe kukoma kwake asanatope. Apamwamba amadula kuti tizilombo tofooka ta pafupi ndi mudzi woyambira tisiye kukhala taphindu. Kachilombo kopatsa mapointi 20 n'kofunika kwa amene akusowa 331, koma kwa amene akusowa 29,701 kulimbana nako n'kutaya nthawi. Motero manambala okha amakankhira wosewera kutsogolo popanda womulamula. World of Warcraft ya 2004 inachita zimenezi poyera: levulo ya mdani imalembedwa ndi mtundu, yofiira ngati ndi woopsa, yachikasu ngati mukufanana, yobiriwira ngati ndi wofooka, ndipo ikafika pa yotuwa mdaniyo sapatsanso mapointi ngakhale imodzi.

Katswiri wa za maganizo a anthu, Mihaly Csikszentmihalyi, anafotokoza m'buku lake la 1990 lotchedwa Flow kuti munthu amamira m'ntchito ndi mtima wonse pamene kulimba kwa ntchitoyo kukugwirizana ndi luso lake. Ikaphweka kwambiri amatopa nayo, ikalimba kwambiri amada nkhawa n'kuisiya. Opanga magemu ambiri anaitola mfundoyi. Vuto lawo ndi lakuti mu RPG mphamvu za ngwazi siziima malo amodzi, choncho chimene chinali choyenera dzulo chaphweka lero. Pali njira zikuluzikulu ziwiri zothetsera vutoli.

Njira yoyamba: dziko losasuntha

Pa njira iyi, mdani aliyense ali ndi mphamvu zake zokhazikika ndipo amakhala malo ake. Dziko silidziwa levulo yanu ndipo silisamala nayo.

Dragon Quest yoyamba ndi chitsanzo chomveka bwino. Mumayambira ku nyumba ya mfumu, ndipo mukangotuluka mumaona nyumba ya mdani wamkulu, Dragonlord, kutsidya kwa madzi. Ili pafupi ndi maso koma njira yake ndi yozungulira dziko lonse. Pafupi ndi poyambira pali tizilombo tofewa totchedwa Slime. Mukawoloka mlatho, zilombo zimasintha n'kukhala zolimba. Wosewera amaphunzira msanga kuti mlatho ndi chenjezo. Akawoloka asanakonzeke amafa, amadzukira pamaso pa mfumu, theka la ndalama zake litapita, koma mapointi ake a XP ali onse. Lamulo limeneli ndi lachifundo kuposa mmene limaonekera, chifukwa limatanthauza kuti ngakhale wosewera wopanda luso lalikulu, akalimbikira, adzafika. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Elden Ring ya 2022, yopangidwa ndi FromSoftware motsogoleredwa ndi Hidetaka Miyazaki, imatsatira nzeru yomweyi. Mukangotuluka kulowa m'dera loyamba la Limgrave, pamsewu pali wankhondo wamkulu wokwera hatchi, wovala zagolide, wotchedwa Tree Sentinel. Osewera atsopano ambiri amamuthamangira ndipo amaphedwa nthawi yomweyo. Opanga gemuyi anamuika pamenepo dala. Phunziro lake ndi lakuti m'dziko lino muli zinthu zimene simungazithe lero, choncho mulambalale, mukakule kwina, mudzabwerenso. Tsiku limene wosewera abwerera n'kumugwetsa, palibe chifukwa choti gemu imuuze kuti wakula. Wadzionera yekha, chifukwa wankhondo uja ndi yemwe uja, wasintha ndi iye.

Kumeneko ndiye kukoma kwa njira yoyamba. Koma ili ndi zovuta zake ziwiri. Choyamba ndi khalidwe limene osewera amalitcha grinding, lomazungulira malo amodzi n'kumapha zilombo zomwezomwezo kwa maola ambiri kuti mapointi achuluke. Wochita zimenezi mopitirira amafika kwa mdani wamkulu ali ndi mphamvu zosefukira, ndipo nkhondo imene inayenera kukhala pachimake pa nkhani imatha ngati masewera a ana. Chachiwiri ndi chakuti ufulu umachepa. Mapu angaoneke otseguka mbali zonse, koma ngati kumpoto kuli zilombo za levulo 40 ndipo inu muli pa 5, njira yeniyeni ndi imodzi yokha. Komanso madera amene mwawapitirira amasanduka opanda ntchito, ngakhale opanga anathera miyezi powakongoletsa.

Njira yachiwiri: dziko lokula nanu limodzi

Pa njira iyi, gemu imayang'ana levulo yanu n'kukonza adani kuti afanane nanu. Imeneyi ndi imene amaitcha level scaling.

Tiyeni tiwerengere pabolodi ndi manambala ongoyerekeza. Ngwazi ya levulo 1 ikatema kamodzi imachotsa mapointi 10 a moyo wa mdani. Mmbulu uli ndi mapointi 30. Uyenera kutemedwa katatu kuti ugwe. Ngwazi ija yafika levulo 10 ndipo tsopano ikuchotsa mapointi 50. M'dziko losasuntha, mmbulu uja ugwa ndi kutema kumodzi. M'dziko lokula nanu, gemu yaukweza kufika pa mapointi 150. Gawani 150 ndi 50. Yankho ndi 3. Mwasewera maola ambiri, nambala ya pakona pa sikirini yakwera kakhumi, koma nkhondo yanu ndi mmbulu ndi yomwe ija.

Zili ngati munthu amene bwana wamukwezera malipiro kuchoka pa K100,000 kufika pa K200,000, koma atapita kumsika wapeza kuti chimanga, shuga, sopo ndi mafuta ophikira zonse zakwera kawiri. Papepala walemera, m'thumba lake la zogula muli zomwe zija. Gwirani mfundo imeneyi, chifukwa ndi mutu wa phunziro lathu: levulo payokha ilibe tanthauzo. Tanthauzo lake limaoneka poiyerekeza ndi chinthu china chimene sichinasunthe.

Gemu imene imatchulidwa kwambiri pa nkhaniyi ndi The Elder Scrolls IV: Oblivion, imene Bethesda inatulutsa mu 2006. Tisafulumire kuiweruza tisanamve cholinga chake. Bethesda inkafuna kuti wosewera akangotuluka m'ndende ya pachiyambi akhale ndi ufulu wopita kulikonse m'dziko la Cyrodiil, kulowa phanga lililonse ndi kuyamba nkhani iliyonse pa nthawi imene wafuna. Kuti zimenezi zitheke, phanga lililonse linayenera kukhala lotheka pa levulo iliyonse. Cholingacho chinali chabwino ndipo chinakwaniritsidwa. Koma taonani zimene zinatsatira.

Ngwazi ikamakwera, makoswe ndi mimbulu ya m'tchire imalowedwa m'malo ndi zilombo zazikulu monga minotaur ndi ogre. Achifwamba wamba a m'mapanga, amene pachiyambi amavala zikopa, amayamba kuoneka atavala zovala zankhondo zodula kwambiri zotchedwa glass, zimene nkhani ya dzikolo imati n'zosowa. Ngakhale mphotho za ntchito zina zimatsatira levulo: mukamaliza ntchitoyo muli wamng'ono mumalandira lupanga lofooka, ndipo likhala lofooka mpaka kalekale.

Chachikulu chinali m'kakweredwe ka levulo. M'gemuyi muli maluso 21, ndipo wosewera amasankhapo 7 kukhala maluso ake akuluakulu. Luso limakula mukamaligwiritsa ntchito. Maluso akuluakulu aja akakwera ka 10, mumagona pabedi ndipo mumadzuka mutakwera levulo. Tsopano taganizani za wosewera amene wasankha kuthamanga, kudumpha, kulankhula mokopa ndi kuchita malonda kukhala maluso ake akuluakulu. Iye akungoyenda m'mizinda n'kumacheza ndi anthu, malevulo akubwera okha. Gemu ikuona nambala yokha, ikuti uyu ndi wa levulo 15, n'kumutumizira zilombo za levulo 15. Koma luso lake la lupanga likadali la mwana. Kwa munthu wotere, kukwera levulo kulikonse kumamufooketsa poyerekeza ndi dziko. Osewera atazindikira zimenezi, ena anayamba kupewa kugona kuti asakwere, ena ankasankha dala maluso amene sawagwiritsa ntchito kukhala akuluakulu, ndipo ena ankalemba m'kope luso lililonse lakwera kuti asaphonye mapointi owonjezera. Okonda gemuyi anafika popanga zosintha zawozawo, monga Oscuro's Oblivion Overhaul, zobwezeretsa madera oopsa ndi madera ofewa. Pamene Oblivion inatulukanso itakonzedwa mu 2025, kakweredwe ka levulo kanali m'gulu la zimene zinasinthidwa.

Final Fantasy VIII ya 1999 inagwa m'vuto lofanana. M'menemo levulo iliyonse imafuna mapointi 1,000 okha, ndipo adani ambiri amatsatira levulo ya gulu lanu. Mphamvu zenizeni za ngwazi zimachokera kwina, ku dongosolo lotchedwa Junction lomangirira matsenga ku mphamvu za thupi. Wosewera wochenjera amapewa XP, amasandutsa adani kukhala makadi m'malo mowapha, n'kumakulitsa mphamvu kudzera m'matsenga adani akadali aang'ono. Wosewera wakhama, amene wazolowera kuti kulimbikira nkhondo kumathandiza, ndi amene amadzipezera mavuto. Gemu ikafika poti wodziwa malamulo ake amathawa mphotho, dziwani kuti penapake mawerengero apotoka.

Njira zapakati

Opanga anaphunzirapo kanthu, ndipo magemu ambiri a masiku ano amasakaniza njira ziwirizi. Ndikupatsani zinayi.

Yoyamba ndi kuika malire. Mu Skyrim ya 2011, ya Bethesda yomweyo, malo ambiri ali ndi levulo yotsikitsitsa, ena alinso ndi yapamwamba kwambiri, ndipo levulo ya phanga imakhazikika pa tsiku limene mwalowamo koyamba. Mukalowa muli wofooka n'kuthawa, mudzalipeza pa levulo yomwe ija mukadzabwerera mutakula. Pamwamba pa izo, zolengedwa zina sizitsika kuti zikumane nanu. Zimphona zoweta nyama zonga njovu zotchedwa mammoth m'zigwa za pafupi ndi mzinda wa Whiterun zimapha ngwazi yatsopano ndi chibonga kamodzi kokha, ndipo patapita maola ambiri ngwazi yomweyo imatha kuzigonjetsa.

Yachiwiri ndi kutsitsa wosewera m'malo mokweza dziko. Mu Guild Wars 2 ya 2012, munthu wa levulo 80 akapita kudera la oyamba kumene, gemu imamutsitsa mphamvu kuti zigwirizane ndi deralo, koma maluso amene anaphunzira amakhala nawo. Amakhalabe wamphamvu kuposa watsopano, koma sangasese chilichonse ndi dzanja limodzi. Izi n'zofunika m'magemu a pa intaneti, mmene wina amene wasewera zaka zitatu amafuna kuyenda limodzi ndi mnzake amene wayamba dzulo.

Yachitatu ndi kusiyira wosewera chisankho. The Witcher 3 ya 2015, yopangidwa ndi CD Projekt Red ya ku Poland, ili ndi dziko losasuntha. Ntchito iliyonse imalembedwa levulo yoyenera, mdani wokuposani kwambiri amaikidwa chizindikiro cha chigaza, ndipo ntchito imene mwaipitirira patali imapatsa mapointi ochepa zedi. Mu 2016 opanga anawonjezera batani loti wofuna akweze adani ofooka kufika pa levulo yake. Zindikirani kuti batanilo limakweza ofooka okha, silitsitsa amphamvu. Malo oopsa amakhalabe oopsa.

Yachinayi ndi kukweza ena n'kusiya ena. Mu The Legend of Zelda: Breath of the Wild ya 2017, ngwazi yake, Link, alibe levulo yooneka, koma gemu imawerengera mobisa adani amene wagonjetsa. Mapointi obisikawo akamachuluka, ena mwa adani otchedwa Bokoblin amasintha mtundu, kuchoka pa ofiira kupita pa abuluu, akuda, mpaka asiliva. Koma sasintha onse. M'msasa umodzi mumatha kupezeka wasiliva wolimba pamodzi ndi ofooka amene amagwa mosavuta. Wolimbayo amasunga nkhondo kuti ikhale yamoyo, ofookawo amakumbutsa wosewera kutalika kwa ulendo umene wayenda.

Batani la kulimba

Pali chinthu china chimene anthu amachisokoneza ndi level scaling, ndicho chisankho cha kulimba chimene chimapezeka pa menyu. Scaling imayenda yokha potsatira levulo, pamene batani ili mumalitembenuza ndinu.

Mu Skyrim muli masitepe 6, kuyambira Novice mpaka Legendary. Pa Adept, yomwe ndi yapakati, manambala amakhala monga alili. Pa Novice mumapweteka adani kawiri kuposa pa Adept ndipo inu mumapwetekedwa theka. Pa Legendary mumapweteka adani ndi gawo limodzi lokha mwa magawo anayi, ndipo iwo amakupwetekani katatu. Tiwerengere. Mdani amene ankagwa mukamutema ka 4 tsopano afunika ka 16. Inu amene munkapirira kumenyedwa ka 12 tsopano mugwa ka 4. Nkhondo yapendekera kwa mdani ka 12 kuposa poyamba. Koma dzifunseni: kodi mdaniyo wachenjera? Ayi. Akuyenda monga kale, akumenya monga kale, wangochedwa kufa. Kulimba kochokera m'kuchulukitsa manambala n'kotchipa kupanga, ndipo kukapitirira kumatopetsa. Kulimba kwabwino ndi kumene kumasintha zochita za mdani, mwina kumupatsa njira yatsopano yomenyera kapena kumuphunzitsa kuthandizana ndi anzake, kuti wosewera akakamizike kuganiza mwatsopano.

Dark Souls ya 2011 ndi Elden Ring zilibe batani lotere. Aliyense amakumana ndi mdani yemweyo. Koma musanamizidwe kuti mulibe njira yofewetsera zinthu. Mu Elden Ring, amene wakanika kwa Margit, mdani wamkulu wolondera njira ya ku Stormveil, angathe kutembenukira kumwera ku Weeping Peninsula, kukakweza levulo, kukanoletsa chida chake kwa wosula, n'kubwerera ndi mizimu yomuthandiza kapena ndi wosewera mnzake. Kumeneko levulo yeniyeniyo ndiyo batani la kulimba, kungoti mumalitembenuza ndi ntchito. Ndipo pali osewera amene amamaliza Dark Souls yonse osakweza levulo ngakhale kamodzi, chifukwa anaphunzira kayendedwe ka mdani aliyense mpaka kudziwa nthawi yozinda ndi nthawi yotema. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pa nkhaniyi ndili ndi mawu kwa inu anyamata amene mumaseka anzanu osankha zofewa. Lekani. Pali anthu amene manja awo sayenda mofulumira chifukwa cha ulumali kapena ukalamba, pali ena amene ali ndi ola limodzi lokha pa mlungu, ndipo pali ena amene akufuna nkhani yokha. Gemu yowaganizira anthu amenewa sinachite cholakwa, ndipo chisangalalo chawo sichichotsa kanthu pa chanu.

Zimene muyenera kutenga

Osewera aja omaliza Dark Souls pa levulo yoyamba akutiululira kuti mu RPG mumakula anthu awiri. Woyamba ndi ngwazi ya pa sikirini, imene kukula kwake kumalembedwa m'manambala. Wachiwiri ndi munthu wogwira chowongolera, amene kukula kwake kuli m'maso, m'zala ndi m'mutu. Opanga angathe kufufuta kukula kwa woyambayo ndi mzere umodzi wa masamu, monga tinaonera ndi mmbulu uja. Kukula kwa wachiwiriyo palibe angakulande.

Maganizo anga ndi awa. Scaling si tchimo. Popanda iyo, dziko lalikulu lotseguka ndi masewera a abwenzi a malevulo osiyana zingavute kwambiri. Koma wopanga gemu asakweze zonse. Asiye zinthu zina ziime chilili: chimphona chimodzi chimene chimakuphani lero ndipo mudzachigonjetsa mwezi wamawa, phanga limodzi limene mumalilambalala mwamantha, komanso tizilombo tina tofooka timene tidzakhalabe tofooka. Wosewera wapereka maola a moyo wake weniweni posinthana ndi lonjezo lakuti ngwazi yake ikukula. Kumupatsa nambala yokwera kwinaku mukukweza mobisa chilichonse chomuzungulira ndi kumubweza chimanjamanja. Ndikufuna kuti mukamasewera muzitha kuona zimenezi ndi maso anu, ndipo amene mwa inu adzapange magemu awoawo adzalemekeze nthawi ya anthu owasewera.

Ntchito ya kunyumba

Choyamba, pogwiritsa ntchito lamulo la Pokémon lochulukitsa levulo katatu, pezani mapointi ofunika kuchoka pa levulo 20 kupita pa 21, ndiponso kuchoka pa 60 kupita pa 61. Ngati chilombo china chimapatsa mapointi 150, muyenera kuchigonjetsa kangati pa ulendo uliwonse?

Chachiwiri, ngwazi imachotsa mapointi 12 ikatema kamodzi pa levulo 1, ndipo levulo iliyonse imawonjezera 4. Mdani ali ndi mapointi 60 a moyo pa levulo 1. Lembani tebulo la malevulo 1, 5 ndi 10 losonyeza kuti ayenera kutemedwa kangati ngati sakusintha, ngati moyo wake ukuwonjezereka ndi 10 pa levulo iliyonse, ndiponso ngati ukuwonjezereka ndi 30. Fotokozani kuti wosewera angamve bwanji pa njira iliyonse mwa zitatuzi.

Chachitatu, jambulani mapu a dziko lanu longopeka lokhala ndi madera asanu. Sankhani madera amene azikula limodzi ndi wosewera ndi amene akhale osasuntha, ikani mdani mmodzi wosatheka pafupi ndi poyambira, ndipo lembani ndime imodzi yofotokoza mmene wosewera adziwire kuti ayenera kumulambalala popanda gemu kumuuza ndi mawu. Mubwere nazo Lolemba, tidzayesa mapu a aliyense pabolodi ndi madayisi.